Mwana akati kompyuta sikuonetsa bwino, yambani mwamuyezetsa maso



Makompyuta afika m'makomo ambiri tsopano, ngakhale kumidzi komwe kuli magetsi kapena sola. Ina anatumiza ndi achibale a ku Joni, ina munagula yakale kuti mwana aziphunzirira. Sipapita nthawi mwana wayamba magemu, kenako pempho lafika: mundigulire graphics card, zithunzi sizikuoneka bwino.

Ine ndikuti musathamangire kusitolo. Yambani mwadziwa ngati vuto lili m'makina kapena m'maso mwa mwana.

Graphics card ndi chipangizo cha m'kati mwa kompyuta chimene chimapanga zithunzi zooneka pa sikirini. Zotchuka ndi za Nvidia ndi AMD. N'zodula, zimatentha, ndipo zambiri za magemu zimadya mawati 100 mpaka 300. Kasola koyatsira mababu ndi kutchajira mafoni sikangakwanitse. Komanso pa malaputopu ambiri chipangizochi sichisinthika, ndiye musalole wina akudyereni ndalama.

Musiyanitsa bwanji? Khalani pambali pa mwana akamasewera. Ngati gemu ikudukizadukiza koma zilembo akuziwerenga bwinobwino, vuto ndi makina. Koma ngati akuyandikitsa nkhope pa sikirini, akutsinzinira kuti aone, akutikita maso kapena akudandaula mutu, ganizirani maso. Mufunseni ngati amaona zolembedwa pa bolodi akakhala kumbuyo m'kalasi. Mwana wosaona patali nthawi zambiri sadandaula, amangoganiza kuti aliyense amaona choncho. Mukamugulira makina, bolodi sadzaliwonabe ndipo sukulu idzapitirira kumuvuta.

Mukaona zizindikirozi pitani naye kuchipatala cha boma chaching'ono kapena chachikulu cha m'boma lanu akamuyeze maso. Pakafunika amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Nkhoma. Ndalama ya magalasi ibwere patsogolo pa ndalama ya magemu.

Maso akakhala kuti ali bwino, pali zokonza zaulere:

1. Kuwala kwa sikirini kufanane ndi kuwala kwa m'chipinda. Asamasewere mumdima sikirini ili ngwee, ndipo isayang'anizane ndi zenera.

2. Sikirini italikirane ndi nkhope kutalika kwa mkono, masentimita 50 mpaka 70. Pamwamba pake palingane ndi maso kapena patsikeko pang'ono.

3. Zilembo zikachepa, azikulitse pa Settings, pa Display. Asamachite kuwerama kuti awerenge.

4. Gemu ikamadukiza, atsitse graphics m'kati mwa gemuyo kufika pa Medium kapena Low. Nthawi zambiri imayenda bwino osagula kanthu. Fumbi lotseka mafani nalonso limatenthetsa kompyuta n'kuichedwetsa.

5. Pakatha mphindi 20 zilizonse ayang'ane chinthu chakutali, mamita 6 kapena kuposa, kwa masekondi 20. Munthu akayang'anitsitsa sikirini saphethira pafupipafupi, n'chifukwa chake maso amauma ndi kuthethetsa.

6. Madzulo ayatse Night light, koma musadalire zimenezo zokha. Kompyuta izimitsidwe kutatsala ola limodzi kuti agone, ndipo ikhale pabalaza, osati kuchipinda.

Chenjezo kwa inu amene muli ndi mwana wa khunyu: kwa ena mwa iwo, kuwala kophanimaphanima kumayambitsa kukomoka. Mu December 1997 ku Japan, ana oposa 600 anathamangira nawo kuchipatala ataonera katuni ya Pokémon yokhala ndi kuwala kotere. Funsani kaye kuchipatala komwe amalandira mankhwala musanamulole magemu.

Sindikunena kuti magemu ndi oipa. Mwana amene akufunsa za m'kati mwa kompyuta ali ndi chidwi chabwino, ndipo mawa akhoza kudyera pomwepo. Koma makina akakhala amphamvu gemu imakoma kwambiri, kuisiya kumavutanso. Bungwe la WHO linaika kutengeka ndi magemu mopitirira muyeso pa mndandanda wa matenda, ndipo mndandandawo unayamba kugwira ntchito mu 2022. Si aliyense wosewera amene akudwala ayi. Chodetsa nkhawa ndi pamene mwana akulephera kusiya, waiwala kudya, kusamba ndi sukulu, ngakhale akuona kuti zinthu zikumuipira.

Samalaninso tiana tokhala pambali kuonerera achimwene awo. Malangizo a WHO a 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Ana onse azisewera panja masana pafupifupi maola awiri, chifukwa kuwala kwa panja kumathandiza kuchepetsa vuto losaona patali. Mpira, phada ndi fulaye zisathe pakhomo.

Ngati maso ayezedwa, tulo akugona mokwanira, sukulu ikuyenda ndipo thumba likulola, muguleni, mutagwirizana kaye maola osewera. Uthengawu muwatumizirenso achibale a kunja amene ana amawapempha zinthuzi pa WhatsApp.