Botolo la madzi pa injini? Ine ndakana

Abale anga a kuno ku Lifuwu ndi inu a m'tauni, imvani izi.

Dzulo mphwanga anandionetsa vidiyo pafoni: botolo la madzi, soda yemweyu wa thelere, tizitsulo tiwiri, mawaya opita ku batire, kapayipi kolowa mu injini. Akuti thovu lotulukamo ndi hydrogen, ndipo galimoto imamwa mafuta ochepa. Akufuna tiike pa kapikapu kathu konyamulira mpunga wa kusikimu kupita ku Salima.

Ndikumumvetsa mnyamatayu. Amene anagonapo pamzere wa mafuta mu 2024, kapena kugula petulo wa m'zigubu, angayese chilichonse.

Komatu thovulo si laulere. Limapangidwa ndi magetsi, magetsiwo achokera ku alternator, ndipo alternator imazunguzidwa ndi injini yomweyo imene ikumwa petulo. Mphamvu imene mpweyawo umabweza ndi yochepa kuposa imene yapita poupanga. Ndiye tapindulanji?

Chondiopsa kwambiri ndi mabampu a msewu wathuwu. Botolo likamakhutchumuka, madzi angakokedwe mpaka mu injini. Madzi safinyika ngati mpweya. Akalowa ambiri, chitsulo chogwira pisitoni chimapindika, basi injini yagona. Nawonso mpweyawo ndi hydrogen wosakanikirana ndi oxygen. Kamoto pang'ono chabe, botolo laphulika, mwina munthu ataweramira pomwepo.

Galimoto ikafa nthawi yokolola, mpunga tidzagulitsira pakhomo kwa mavenda, pamtengo wonena iwo. Ndamuuza apope bwino matayala, asinthe fyuluta ya mpweya, sodayo abweze kukhitchini kwa alamu ake.