Za Ntchito za Manja: Mkono wa Chikatapila Ukathyoka

Mwezi uno tikambe za chitsulo. Nonsenu munachiona chimakina chachikasu chija, chokhala ndi chidebe chachikulu kutsogolo ndi mkono wautali kumbuyo, chimene ana amachithamangira chikamadutsa pa Chitakale kapena pa Limbuli. Anthu a kwathu kuno amachitcha chikatapila, ngakhale chitapangidwa ndi kampani ina. Ena amati JCB, ndipo zilembo zitatuzi ndizo zoyamba za dzina la Joseph Cyril Bamford, mmisiri wa ku England, amene anayamba ntchito yake m'chaka cha 1945, natulutsa chimakina cha mtundu umenewu m'chaka cha 1953. Makolo athu sanachidziwe. Misewu yoyamba ya dziko lino inalimidwa ndi makasu ndi mapiki, ndipo dothi lake linasenzedwa pamutu.

Kapena wina adzati, Kodi nkhani ya chikatapila ilowa bwanji m'masamba a mabanja, pakuti ife tilibe ngakhale njinga? Yankho lili m'phirimu. Dziko la Mulanje nla mvula yambiri, ndipo mbali zina za phiri imapitirira mamilimita 2,000 pa chaka. Akuluakulu akukumbuka napolo wa m'mwezi wa March 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi naononga Phalombe, masiku amene Phalombe anali akadali mbali ya boma la Mulanje. Ndipo ndani angaiwale March 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala ku Muloza, ku Nkhulambe, ku Chiradzulu ndi ku Chilobwe, napha anthu oposa 1,000 m'dziko muno? Masiku amenewo anthu anafukula abale awo ndi makasu ndi manja, pakuti miyala ina inali yaikulu ngati nyumba, milatho inakokoloka, ndi makina sanathe kufika msanga. Pamenepo tinadziwa kuti chikatapila chimodzi chamoyo chiposa zisanu zogona pa udzu. Ndiponso oyendetsa makinawa, ndi owotcherera, ndi anyamata oima m'ngalande pansi pa chidebe, ndiwo ana a m'nyumba zathu. Mkono wowotchereredwa moipa ukaduka, umagwera munthu amene ali ndi amake.

Tiyambe ndi kuudziwa mkonowo. Uli ndi zigawo zitatu, monga mkono wa munthu. Chigawo chachikulu chochokera ku thupi la makina amisiri amachitcha bumu. Chachiwiri, chopyapyalako, ndicho chimene chimapinda pa chigongono. Ndipo kunsonga kuli chidebe cha mano. Zigawozi zalumikizidwa ndi mapini onenepa oloŵa m'mabushi, ndipo zimakankhidwa ndi masilinda odzala oyilo wopanikizidwa kolimba. Mkati mwa bumu mulibe kanthu. Ndi bokosi lalitali la mapuleti anayi owotchereredwa pamodzi, ndipo mphamvu yake ili m'kugwirizana kwa mapuletiwo. Limodzi likang'aluka, atatu otsalawo asenza katundu wosayenera iwo.

Chitsulo chotere sichithyoka tsiku limodzi. Tengani waya, mumpinde kamodzi, sathyoka. Mumpinde uku ndi uku kambirimbiri, adzathyoka m'manja mwanu popanda mphamvu. Momwemonso mkonowu umapindika pang'ono, mosaoneka ndi maso, nthawi iliyonse chidebe chiluma nthaka. Mng'alu umayamba waung'ono ngati tsitsi, ndipo malo ake ngodziwika: m'mphepete mwa pamene anawotcherera kale, pozungulira mabowo a mapini, ndi pa makutu pamene pagwira silinda. Zoufulumiza nzodziwikanso. Woyendetsa waphuma amamenya mwala ndi chidebe ngati nyundo, kapena amakankha mulu wa dothi chammbali ngati akusesa ndi tsache. Koma mkonowu unapangidwa kuti ukoke molunjika, ndipo chammbali ngwofooka. Miyala ya m'mitsinje ya Ruo, Likhubula ndi Lichenya njolimba koopsa, siimva kumenya. Chachitatu ndi ulesi wa girisi. Pini youma imadya bushi, mkono umayamba kugwedera, ndipo kugwedera kulikonse ndi nkhonya pa chitsulo.

Chifukwa chake woyendetsa wanzeru amatsuka mkono nauyang'ana m'mawa asanalize injini. Akaona utoto wang'ambika mzere umodzi, kapena kamzere ka dzimbiri kotsika pamalo pamene panalibe, aimitse ntchito. Mng'alu wa mainchesi awiri ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ukauleka uzungulire bokosi lonse, ndiye kuti makina agona mwezi wathunthu kudikira chitsulo chochokera ku Blantyre kapena ku Johannesburg.

Tsono tinene za kukonza kwake, ndipo inu anyamata amene mukuphunzira umisiri mutchere khutu.

Poyamba penipeni, chidebe chitsike chikhale pansi, ndi mkono utsamire pa zipika zolimba kotero kuti mng'alu usasenze kanthu. Injini izime, ndipo zogwirira zija zigwedezedwe uku ndi uku kuti mphamvu yotsala mu oyilo ithe. Munthu asaime pansi pa mkono wokwezedwa, ngakhale kamphindi, pakuti chougwira m'mwambamo ndi oyilo yekha, ndipo paipi ikaphulika umagwa osachenjeza. Oyiloyu amapanikizidwa kufikira mabaa 200 ndi kupitirira. Potuluka pa kabowo kakang'ono amatha kuboola khungu nalowa m'mnofu, ndipo chala chotere chimafuna dokotala tsiku lomwelo. Pofufuza podontha gwiritsani katoni, osati dzanja. Chotsani mawaya a batire. Waya wa ethi wa makina owotcherera mumange pafupi ndi bala, pa chigawo chomwecho, kuti magetsi asadutse m'mapini kapena m'silinda ndi kupsereza m'kati. Chitsulo chonyezimira cha silinda muchifunditse chikopa kapena chiguduli chonyowa, pakuti kadontho kamodzi ka moto kakamatirirapo kadzang'amba labala ndipo oyilo sadzaleka kudontha. Mapaipi oyandikira muwasunthe.

Kenaka palani utoto ndi girisi yense, mufune pamene mng'alu wathera. Apa mpofunika kudekha, monga akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, chifukwa mng'alu umapitirira pamene maso alekera. Kuli mankhwala ofiira opopera amene amaloŵa mu mng'alu naonetsa njira yake yonse. Amene alibe achite monga amisiri akale: apake palafini, adikire, apukute bwino, nawaze ufa wa choko, palafini wotsala m'kati adzatuluka nadetsa chokocho mwa mzere. Mukapeza nsonga zonse ziwiri, boolani kabowo pa nsonga iliyonse kuti mng'alu usayendenso, ndipo palafiniyo mumchotse yense musanayatse moto.

Apa ndipo ambiri amalakwa. Wowotcherera wa changu amangoyendetsa ndodo pamwamba pa mng'alu, napaka utoto wachikasu, nalandira ndalama zake. Pamaso mpokongola, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mng'alu uli chikhalire pansi pake, ndipo udzatulukanso sabata isanathe. Njira yoona ndiyo kukumba mng'alu wonse ndi galainda, kupanga ngalande yotseguka kumwamba ndi yopapatiza pansi, kufikira mutafika pa chitsulo chabwino chopanda mzere. Ngalandeyo ndiyo idzadzazidwa ndi chitsulo chatsopano kuyambira pansi.

Za ndodo zowotcherera ndinenetse. Ndodo zimene zili m'misika yathu yonse, zolembedwa 6013, nzabwino pa mafelemu a mawindo, pa zitseko ndi pa mbaula. Pa mkono wa chikatapila siziyenera. Pamenepa pafunika zolembedwa 7018, zimene chitsulo chake ncholimba ndi chopirira kugwedezeka. Koma ndodo zimenezi zili ndi khalidwe lake: zimamwa chinyezi cha mumpweya monga mchere umachitira. Ndodo yonyowa imaloŵetsa mpweya wa hayidirojeni m'chitsulo chosungunuka, ndipo mpweyawo umang'amba chowotchereracho chitazizira, mwina patapita tsiku kapena masiku awiri, mmisiri atapita kale kwawo. Kuno ku Mulanje, kumene chiperoni chimagona pa ife masiku angapo m'miyezi ya June ndi July, ndi kumene dzinja zovala siziuma, chenjezo ili nlalikulu kuposa ku Nsanje. Gulani ndodo za m'paketi yosatsegula, muzisunge m'chitini chotseka pamalo ofunda, ndipo mutulutse zochepa zokha zimene mugwiritse nthawi yomweyo. Zimene zagona pa mtetete usiku wonse musaziyese pa ntchito iyi. Musawotcherere pa mvula kapena pa nkhungu, mangani tenti.

Musanayambe, funditsani chitsulo ndi moto wa gasi mozungulira bala, kufikira madigiri 100 kapena 150 pa puleti yonenepa. Kudziwa kwake nkosavuta: dontho la madzi likagwera pambali lithetheke ndi kuuma pomwepo. Chifukwa chake nchakuti chitsulo chachikulu chozizira chimalanda kutentha msanga, ndipo pamene pazizira mofulumira pamauma gwa ngati galasi. Osula a Chimang'anja, amene makasu awo anali kugulidwa kutali m'masiku a makolo, anadziwa bwino kuti moto wa mvukuto ndi madzi ozizira zimasintha mtima wa chitsulo; nzeru yake ndi yomweyo, zasintha ndi zida zokha.

Dzazani ngalande ndi mizere ing'onoing'ono yambiri, wina pamwamba pa unzake, osati mzere umodzi wonenepa. Mzere uliwonse ukatha, gogodani makoko ake onse ndi kupukuta ndi bulashi ya waya, pakuti khoko lotsekeredwa m'kati ndilo mbewu ya mng'alu watsopano. Mabowo aja a kunsonga muwadzazenso. Mng'alu ukakhala wautali, musayambe kuno ndi kuthamanga mpaka uko. Wotchererani chigawo apa, chigawo apo, kuti kutentha kusakokere mkono mbali imodzi. Mukatha, fundikani ndi mchenga wouma kapena bulangete losapsa, chizizire chokha. Wothira madzi kuti apite msanga kunyumba waononga ntchito ya tsiku lonse. Chitazizira, salazani ndi galainda, osasiya mano kapena maenje m'mphepete, ndipo muyesenso ndi mankhwala aja mawa lake.

Kodi nkofunika kuikapo chigamba? Kawirikawiri inde, koma chigamba chili ndi malamulo ake, ndipo choikidwa mopusa chimathyola mkono m'malo mouchiritsa. Chisakhale cha ngodya zinayi ngati chitseko. Chikhale chosongoka kunsonga zonse ziwiri monga tsamba la mango, nsonga zake zozungulira pang'ono, chogona motsata utali wa mkono, chopitirira bala mbali zonse. Kunenepa kwake kufanane ndi puleti ya mkonowo. Njanji kapena chitsulo chonenepa kawiri chimaumitsa malo amodzi, ndipo kupindika konse kumasonkhana pamene chigambacho chathera. Pa chifukwa chomwecho musadutse mzere wowotcherera mopingasa mkono kunsonga ya chigamba. Ndaona zikatapila zina m'misewu yathu zili ndi zigamba zitatu zotsatana, china pambuyo pa chinzake, ndipo wodziwa akaziona amaŵerenga mbiri yonse: chilichonse chinabala mng'alu umene unaitana chotsatira.

Pali mabala ena amene mmisiri woona mtima ayenera kuwakana. Mkono ukaduka pawiri, kapena ukapotoka, kuulunzanitsa kuti mabowo a mapini apenyane molunjika nkovuta pansi pa mtengo. Ukalakwika pang'ono pokha, silinda idzakankha mokhota nidya mabushi mwezi uliwonse. Mabowo okula ndi kugwedera amafuna kudzazidwa ndi kuboolanso ndi makina ake, amene amapezeka m'mashopu aakulu a m'tauni. Zigawo zina, makamaka pa tsinde pamene mkono umazungulira, pa makina ena nzoumbidwa mwa kuthira chitsulo chosungunuka m'chikombole, ndipo sizilandira ndodo monga puleti wamba. Pamenepo funsani buku la makinawo kapena amene amawagulitsa. Safunsa anadya phula. Ndipo inu eni makina, ndi inu a makomiti a chitukuko amene mumabwereka chikatapila kuti chikumbe ngalande kapena damu la m'mudzi, funsani wowotcherera ngati anaphunzira ntchito ya zitsulo zosenza katundu. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, ndi masukulu a umisiri monga Soche ku Limbe ndi Nasawa ku Zomba, alipo chifukwa cha zimenezi, ndipo kufunsa pepala si mwano.

Mawu amodzi kwa amayi. Ana amakonda kuunjikana pamene pali moto wobiriwira uja. Muwachotse, pakuti kuwala kwake kumapsereza maso, ndipo ululu wake umadza usiku, mwana nalira ngati m'maso mwathiridwa mchenga. Wowotcherera mwini avale chigoba chake chagalasi lakuda, magolovesi ndi malaya a manja aatali. Magalasi a dzuwa a pamsika sateteza kanthu.

Ntchito ikatha, bwezerani mapaipi ndi batire, thirani girisi m'mapini onse kufikira atatulukira m'mbali, ndipo anthu onse aime patali. Woyendetsa akweze mkono wopanda katundu, autambasule, aupinde, kenaka akumbe dothi lofewa ola limodzi, naime, nayang'ane. Pa balapo pakani utoto wopyapyala woyera, kuti mzere ukabwera uoneke msanga, ndipo muziyang'anapo m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu. Nthawi yabwino ya ntchito yonseyi ndi September ndi October, kunja kuli gwa, ndodo zili zouma, ngalande za m'mbali mwa msewu wa ku Muloza zisanayambe kudzala.