NGONGOLE YOSALEMBEDWA M'BUKU

Ngongole ziri za mitundu iwiri. Pali ngongole ya ndalama, imene ilembedwa m'buku pamaso pa mboni. Imeneyi munthu saiiwala, cifukwa mwini ndalama ali ndi maloya ndi amithenga a bwalo la milandu omkumbutsa. Palinso ngongole ya thukuta, ya munthu amene anagwira nchito ya onse wosalandira kanthu. Imeneyi iribe buku, iribenso wokumbutsa, ndipo ndiyo imene makomiti ndi mabungwe akonda kuikana. Kuikana kumeneku ndi kuba ndithu, ngakhale akubawo abvale jekete ndi tayi, nakhale pa mipando ya ulemu. Mbiri ya nyumba ina ya masewero ya ku Amereka ionetsa bwino lomwe m'mene kuba kotere kuyambira, ndiponso m'mene anthu wamba angakuletsere.

Nyumbayo dzina lace ndi Fox Theatre, ndipo iri mu mzinda wa Atlanta, m'cigawo ca Georgia, pa mseu wa Peachtree. Anayamba kuimanga ndi a gulu lochedwa Shriners, kuti ikhale nyumba yao ya misonkhano. Koma ndalama zinawacepera nchito iri pakati, ndipo anacititsa lendi cipinda cacikuru kwa William Fox, mwini malonda a zithunzithunzi za kanema. Inatsegulidwa pa 25 December, 1929, patangopita miyezi iwiri cigwere cuma ca dziko la Amereka. Inali nyumba yodabwitsa. Inali ndi mipando yoposa 4,600, ndi denga lopakidwa ngati thambo la usiku, lokhala ndi nyenyezi zothwanima ndi mitambo yoyenda. Munalinso limba lalikuru la zitoliro 3,622, limene anthu analicha Mighty Mo. Koma eni ace oyamba sanadye nayo nthawi yaitali: m'caka ca 1932 inagulitsidwa pa okushoni ndi madola 75,000 okha, kacigawo kakang'ono ka ndalama zimene zinaimanga.

Munthu amene nkhani iyi iyenera kumkumbukira ndiye Bambo Joe Patten, amene anabadwira ku Florida m'caka ca 1927. Nchito yao inali ya makina a X-ray a m'zipatala, koma mtima wao unali pa malimba. M'caka ca 1963 limba la m'Fox linali litakhala duu pafupifupi zaka khumi, litaonongeka ndi kusasamalidwa. Bambo Patten pamodzi ndi anzao owerengeka okonda malimba anapempha cilolezo cakulikonza, nakhala miyezi yambiri alikusintha mawaya ndi kuyeretsa zitoliro, osalandira malipiro, kufikira limbalo linayambanso kulira.

Bvuto lalikuru linadza m'caka ca 1974. Anthu ambiri anali atasamukira kunja kwa mzinda, ena anali kuonera zithunzithunzi kunyumba kwao pa televizyoni, ndipo mipando ya m'Fox inali kukhala yopanda anthu. Kampani ya matelefoni ya Southern Bell inafuna kugula malowo, kugwetsa nyumbayo, ndi kumangapo za maofesi ace. Pamenepo anthu a mu Atlanta anadzuka. Mau akuti "Pulumutsani Fox" anamatidwa pa magalimoto, ana a sukulu anaima pakhomo ndi zikwangwani, oimba ochuka monga Liberace anathandizapo, ndipo akulu a mzinda anaimitsa kalata yololeza kugwetsa. Kunapangidwa bungwe losafuna phindu lochedwa Atlanta Landmarks, ndipo Bambo Patten anali mmodzi wa oliyambitsa. Nyumbayo inatsekedwa pa 2 January, 1975. Koma bungwelo linakongola madola 1,800,000 ku mabanki, ndipo panapangidwa pangano lakuti kampani ya matelefoni imange pa malo oyandikana nayo, Fox ikhale ciimire. M'mwezi wa October caka comweco zitseko zinatsegulidwanso, ndipo m'caka ca 1976 Boma la Amereka linaiwerenga pamodzi ndi nyumba zosunga mbiri ya dziko.

Mutu umodzi susenza denga. Ndalama zakubwezera mabanki zinacokera m'zopereka za anthu ndi m'masewero amene anacitikamo, ndipo zikadacepa cikhala kuti aliyense wogwira nchito m'nyumbamo anafuna malipiro. Anthu anadza kudzasesa, kutsuka, kupaka utoto ndi kuonetsa alendo mipando yao, onsewo kwaulere. Cotero m'caka ca 1978 ngongole yonse ya mabanki inatha, itatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti tsiku lopangana lifike. Wowerenga asunge cinthu cimeneci mumtima: kwa mabanki bungwe linabweza msanga, lisanakumbutsidwe.

Ngongole inzace ija bungwe linaidziwanso pa masiku amenewo. M'caka ca 1979 linalemberana pangano ndi Bambo Patten, lakuti akhale m'zipinda zina za m'mwamba mwa nyumbayo masiku onse a moyo wao. Zipindazo zinali maofesi akale osiyidwa, ndipo anazikonza okha ndi ndalama za m'thumba mwao. Anayang'anira makina ndi magetsi a nyumba yonse zaka zambiri, nadziwa khomo liri lonse ndi kanjira kali konse ka m'kati mwa makoma, kotero kuti anthu anawacha Mzukwa wa m'Fox. M'mwezi wa April, 1996, moto unabuka m'nyumbamo anthu ali m'tulo. Cifukwa cakuti munali munthu wogonamo, ozima moto anaitanidwa msanga, ndipo cipinda cacikuru ca masewero cinapulumuka. Akale anati, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mu Atlanta mwambiwo unacitika monga momwe unenera.

Tsono m'caka ca 2010, Bambo Patten ali ndi zaka 83, anadwala nagonekedwa m'cipatala. Pa nthawiyo Fox inali itasanduka imodzi mwa nyumba za masewero zopindula kwambiri m'Amereka, ndipo kuyambira 2008 inali kuthandiza mizinda ina ya m'Georgia kukonza nyumba zao zakale za masewero. M'mwezi wa August caka cimeneco akomiti anakhala pansi, navota kuti pangano la 1979 lithe. Munthu amene anaipulumutsa nyumbayo kawiri, kwa ogwetsa ndi kwa moto, anapezeka kuti kukhala kwace m'menemo kwatsamira pa cifuniro ca komiti.

Akomiti anali ndi zifukwa zao, ndipo nkoyenera kuzimva zisanatsutsidwe. Coyamba anati nyumba ya masewero si cipatala kapena malo osungirako okalamba, ndi kuti zipindazo zifikidwa ndi makwerero ambiri, obvuta kwa munthu wodwala. Nkhawa imeneyi njoona. Koma munthu akadwala m'nyumba yace, abale amfunira mankhwala ndi womdwazika. Samlanda nyumba nati tamthandiza. Ndiponso mau akuti "masiku onse a moyo" atanthauza ciani? Amene analemba panganolo analemberana ndi munthu wa zaka 52, ndipo anadziwa kuti munthu wa zaka 52, Mulungu akamsunga, adzafika pa zaka 83, miyendo itafoka. Ukalamba unali m'kati mwa panganolo kuyambira tsiku loyamba. Lonjezo losungidwa pokhapo munthu ali ndi mphamvu zakukwera makwerero ndi kukonza mawaya liri ngati posho wa wanchito, amene aleka tsiku lomwe nchito yaleka.

Caciwiri anati sanawapitikitse ai, koma anawapatsa pangano latsopano m'malo mwa lakale, ndi kuti pepala lakalelo linawapatsa mphamvu yakulithetsa. Kapena pepala linalola. Koma si zonse zololedwa ndi pepala ziri zolungama. Usiku wa moto uja Bambo Patten sanayambe atsegula pepala kuona ngati kudzuka pakati pa usiku kunalembedwamo. Ndipo kodi akomiti akadalimba mtima kuitana eni mabanki m'caka ca 1977 ndi kuwauza kuti, tavota, pangano lathu latha, landirani ili latsopano? Sakadayesa konse, cifukwa banki iri ndi mano. Anayesa kwa nkhalamba yodwala cifukwa anaganiza kuti iribe mano. Pangano limene mbali yamphamvu ilisintha yokha pa tsiku limene ifuna, wofoka saona mtendere nalo, ngakhale alipatse dzina lokoma lotani.

Cacitatu cinenedwa ndi anthu ambiri oteteza makomiti, kulikonse kumene mkangano wotere ubuka. Amati wogwira nchito modzipereka anapereka mwaufulu, palibe anamkakamiza, cotero alibe mangawa pa wina aliyense; amatinso bungwe liposa munthu mmodzi. M'mau amenewa muli coonadi cina. Alipo odzipereka amene, atafolera denga la nyumba ya onse, aika makiyi m'thumba nayamba kulamula ngati nyumbayo njao. Otere ayenera kudzudzulidwa. Koma Bambo Patten sanapemphe nyumba, sanapemphe gawo la phindu. Anapempha cokhaco cimene bungwe linawalonjeza lokha ndi dzanja lace. Ndipo onena kuti wodzipereka alibe mangawa aiwala kuti anyamata ndi asungwana alikupenya. Nyumba yakale sikonzedwa kamodzi nkutha. Denga lidzadonthanso, ogwetsa adzabweranso ndi ndalama zao, ndipo tsiku limenelo bungwe lidzaitananso anthu kuti adze ndi manja ao. Adzabwera ndani, ataona m'mene anacitira ndi woyamba uja? Ukakwera pamsana pa njobvu usamati pansi palibe mame.

Codabwitsa ncakuti bungwe lomwelo lidziwa bwino kusunga cikumbutso. Kufikira m'caka ca 1962 anthu akuda sanali kulowa m'Fox pa khomo lalikuru. Anali kugula matikiti pa kazenera kaokao, nakwera makwerero a pambali kukakhala pa mipando ya m'mwamba kwenikweni, kuseri kwa khoma lowalekanitsa ndi Azungu. Akulu a m'Zambia amene akumbukira masiku akugula nyama pa zenera la sitolo, Azungu alikulowera pakhomo, adziwa kuwawa kwa kazenera kotere. Okonza nyumbayo sanakacotse kazenerako, ndipo khoma lija analisiya, kuti obadwa m'tsogolo aone cimene cinacitika. Anacita bwino kwambiri. Koma ngati anazindikira kuti njerwa ndi matabwa ziri ndi mbiri yosayenera kufafanizidwa, analephera bwanji kuzindikira comweco pa munthu wamoyo? Kusunga khoma nkosabvuta, pakuti khoma silidwala, silifuna womdwazika, ndipo siliyankha pa msonkhano. Ulemu weniweni wa pa zakale uyesedwa pa nkhalamba.

Mlanduwo unatha motere. Anthu a mu Atlanta anadzukanso monga m'caka ca 1974, tsopano kupfuulira munthu m'malo mwa nyumba. Bambo Patten anakana pangano latsopano, nakasuma ku bwalo la milandu, ndipo m'caka ca 2011 mbali ziwirizo zinagwirizana kuti akhalebe m'zipinda zao. Anakhalamo kufikira 2016, caka cimene anamwalira ali ndi zaka 89. Mathero ace ngokoma, koma asanyenge munthu. Ngongole ya mabanki inabwezedwa miyezi isanu ndi umodzi tsiku lisanafike. Ngongole ya thukuta inabwezedwa atalowapo maloya, manyuzipepala ndi mkwiyo wa mzinda wonse. Ndipo Bambo Patten anali ndi mwai umene ambiri alibe: anali ndi pepala losainidwa ndi dzina lodziwika. Osesa ndi opaka utoto aja, amene maina ao sanalembedwe pena pali ponse, akadasuma ndi ciani?

Mnyamata kapena msungwana amene watsiriza sukulu sadzacedwa kusankhidwa kukhala mlembi wa komiti, pakuti anthu afuna wodziwa kulemba. Idzakhala komiti yokonza holo ya masewero, kapena sukulu, kapena nyumba ya mapemphero, ndipo adzampatsa buku lakulembamo ndalama zolowa ndi zoturuka. Mlembi wanzeru adzagula buku laciwiri. M'menemo adzalemba maina a onse amene anaumba njerwa, anatunga madzi, anakwera padenga. Adzalembanso lonjezo liri lonse limene komiti ipereka kwa munthu, ndi tsiku lace, ndi mboni zace, m'mau omveka osasiya kakhomo kothawira. Buku limenelo liwerengedwe poyera caka ndi caka pamodzi ndi la ndalama, kuti akomiti atsopano alowe pa mipando alikudziwa mangawa onse amene alandira. Ndipo tsiku lina wina akadzaimirira pa msonkhano nati nkhalamba yakuti yatitopetsa, tiicotse, mlembiyo atsegule buku laciwirilo, nawerenge mokweza nchito za nkhalambayo, anthu asanakweze manja.