Pampu ya mtima ndi mapazi otupa a ku Rimuka

Ku Rimuka mumzinda wa Kadoma ndi ku Pfupajena ku Chegutu kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito kumgodi wa Cam and Motor kapena kufakitale ya nsalu ya David Whitehead. Agogo ena m'mabanja amenewa amagona chokhala, mapilo atatu kumsana, chifukwa akangogona chagada mpweya umabanika. Nsapato zinaleka kulowa. Mtima wawo wafooka, sukupopa magazi mokwanira, ndiye madzi amadzaza m'mapapo ndi m'miyendo.

Kumayiko olemera wodwala wotere akafika pothera nzeru amamuika pampu yotchedwa LVAD. Amaisokera kunsi kwa mtima, mbali ya kumanzere, kuti izikankhira magazi mumtsempha waukulu. Chingwe chake chimatulukira pamimba n'kukalowa ku mabatire amene munthuyo amayenda nawo ponseponse. Dick Cheney, yemwe anakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti wa America, anali nayo kuyambira 2010 mpaka pamene anamuika mtima wina mu 2012. Pa kafukufuku wa MOMENTUM 3, mwa anthu 100 aliwonse oikidwa pampu ya HeartMate 3, pafupifupi 58 anali moyo patatha zaka 5.

Komabe ambiri a iwo amagonekedwanso m'chipatala mobwerezabwereza. Ena amataya magazi m'matumbo, poti amamwa warfarin kuti magazi asaundane m'pampumo. Ena bala la pachingwe limachita mafinya. Chopweteka kwambiri n'chakuti pampuyo imathandiza mbali imodzi yokha: ya kumanja ikalephera kuyendera limodzi ndi liwiro latsopanolo, miyendo imatupanso ngati kale.

Ku Kadoma ndi ku Chegutu, kumene magetsi amazima maola ambiri, pampu yodalira kutchaja ndi nkhani yakutali. Ngakhale maopaleshoni otsegula mtima pa chipatala cha Parirenyatwa ku Harare anayambiranso mu 2023 atakhala chiimire kwa zaka. Koma kubwererabwerera kuwodi kokha kulipo, ndipo zifukwa zake n'zomvetsa chisoni poti n'zopeweka. Kafukufuku wa THESUS-HF wa mu 2012, amene anaunika odwala oposa 1,000 m'mayiko 9 a mu Africa, anapeza kuti gwero lalikulu la kufooka kwa mtima ndi BP yokwera. Mapiritsi a furosemide, ochotsa madzi m'thupi, akatha pakati pa mwezi ndalama palibe, agogo amangodikira mpaka kupuma kuvute. Mchere wa m'matemba ouma umawonjezera madziwo.

Woikidwa pampu ku America amakhala ndi namwino wake womuimbira foni. Gawo limeneli ndi limene zipatala zazing'ono za ku Mashonaland West, chigawo chimene kuli Kadoma ndi Chegutu, zingathe kutengera popanda kugula pampu: kumuyeza wodwala pasikelo ndi kumupima BP pafupi ndi kwawo akangotuluka m'chipatala, kumupatsa mankhwala okwana mwezi wathunthu, ndi kuuza mdzukulu womusamalira, m'Chichewa kapena m'Chishona, kuti makilogalamu awiri owonjezereka m'masiku atatu ndi madzi, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.