Mawu akuti "exponential" si ndolo yokongoletsera

Achinyamata anzanga, pali mawu a Chingerezi amene atigwira ngati chimfine cha mu Juni, ndipo mawuwo ndi akuti "exponential". Mlembi popereka lipoti akuti kwaya yakula "exponentially" chifukwa kwabwera anthu asanu. Wogulitsa kaunjika akapindula sabata imodzi, nayenso akuti malonda ake ndi "exponential". Ndinene mosapsatira: uku ndi kuwononga mawu, ndipo amene tidzalire nako ndife tomwe.

Mawuwa ndi a masamu, ndipo tanthauzo lake ndi lokhazikika. Amanena za chinthu chimene chikuchulukitsidwa ndi mlingo womwewo nthawi ndi nthawi, kotero kuti chikakula, kukula kwakenso kumakulirakulira. Kwaya ya anthu 20 yolandira anthu 5 mwezi uliwonse ikungowonjezera: 25, 30, 35. Koma njere imodzi yowirikiza kawiri tsiku lililonse imakwana 1,024 pakutha pa masiku 10, ndipo imapitirira miliyoni imodzi pakutha pa masiku 20. Kukula kotereku kumayamba mwakachetechete, ndipo ngozi yake yagona pomwepo.

Ena anena kuti, "Nanga vuto n'chiyani? Bola tamvana." Ayi, sitinamvane. Taganizirani za mnzathu wopita kwa wakatapila kukakongola K10,000 pa chiwongoladzanja cha 50 peresenti pamwezi. Akalephera kubweza, chiwongoladzanjacho chimabalanso chinzake: K15,000, kenaka K22,500, kenaka K33,750. Pakutha pa miyezi 6 ngongoleyo yapitirira K113,000, ndipo foni ndi njinga zapita. Uku ndiye kukula kumene mawu aja amanena. Koma munthu amene wazolowera kuwamva pa nkhani ya anthu asanu a kwaya, mukamuchenjeza kuti ngongole yake ikukula chotere, angoseka. Mawuwo adatha kale mano.

Onaninso chiwerengero cha anthu m'dziko lathu. Kalembera wa mu 1966 adapeza Amalawi pafupifupi 4 miliyoni. Wa mu 1987 adapeza pafupifupi 8 miliyoni. Wa mu 2018 adapeza opitirira 17 miliyoni. Minda sinawirikize, nyanja sinawirikize. Ife amene tidzafune malo olima ndi ntchito tiyenera kumvetsa masamu amenewa, ndipo sitingawamvetse ngati dzina lake talisandutsa chodzitamira nacho pamsonkhano.

Sindikudana ndi Chingerezi. Tichiphunzire ndithu, ndi khama. Chimene ndikutsutsa ndi kutola mawu chifukwa cha kulemera kwake pakamwa, osafunsa chimene asenza. Safunsa adadya phula. Ngati chinthu changokula msanga, chinenero chathu sichikusowa mawu: zamera ngati bowa, zafalikira ngati moto wa m'tchire, zakula mofulumira. Sabata ino, wina akanena "exponential" pamsonkhano, mufunseni mwaulemu kuti: chikuwirikiza kangati, ndipo pa nthawi yotalika bwanji? Akasowa yankho, muthandizeni kupeza mawu oyenera.