Ankhoswe a Chigawo Chathu Amafika Mbale Zitasweka Kale

Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, ife Amalawi a kuno ku Tipton, ku England, timasonkhana kunyumba kwa mmodzi wa ife. Ambirife timasamalira okalamba, ena timanyamula katundu m'mashedi a ku Oldbury ndi Wednesbury, ena timayendetsa mabasi. Nsima ikafika patebulo, nkhani imayambira pa lendi ndi bilu ya gasi, koma sichedwa kuthawira kumudzi. Ndipo pali dandaulo limodzi limene silichoka pakamwa pathu: atsogoleri a chigawo chathu amafulumira kutumiza asilikali, koma ankhoswe amawatumiza zinthu zitaonongeka kale.

Januwale wa 2025 sitidzamuiwala. Mayi wina wa m'gulu lathu ali ndi mwana wa alongo ake ku usilikali, ndipo nthawi imeneyo mnyamatayo anali ku Sake, kufupi ndi mzinda wa Goma ku Congo. Mayiyu anagwira shifiti ya usiku masiku anayi foni ili m'thumba la yunifolomu, n'kumaisuzumira mobisa kuti aone ngati uthenga wake wa pa WhatsApp wafika. Lamlungu limenelo nsima yake inazizirira m'mbale. Mnyamatayo Mulungu anamusunga, koma asilikali atatu a kwathu ndi 14 a ku South Africa anabwerera m'mabokosi, ndipo pa 27 Januwale zigawenga za M23 zinalowa mu Goma.

Tikamawerenga masiku ake, mtima umawawa. Bungwe la SADC linatumiza ankhondo a Malawi, Tanzania ndi South Africa mu Disembala 2023, zokambirana zikukwawa ngati nkhono. Pa 15 Disembala 2024, Félix Tshisekedi wa Congo ndi Paul Kagame wa Rwanda amayenera kukumana ku Luanda pamaso pa mtsogoleri wa Angola João Lourenço, koma mkumanowo unalephereka. Patangotha milungu isanu ndi umodzi, Goma inagwa. Pa 13 Marichi 2025 SADC inalengeza kuti ankhondo ake abwerere, ndipo patatha masiku asanu okha atsogoleri awiri aja anakhala pansi ku Doha, m'dziko la Qatar. Pa 27 Juni nduna zawo zinasainirana pangano ku Washington. Kodi mphasa yokhalapo inasowa mu Africa monse muno? Mlandu wa pamudzi pathu, ana athu aferapo, koma ukakambidwe kutsidya kwa nyanja?

Achikulire pakati pathu akuti matendawa ndi akale. Amakumbukira anthu oposa miliyoni imodzi amene anathawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique n'kudzaza Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Nkhondo imeneyo inatha ndi pangano la pa 4 Okutobala 1992, losainidwa ku Rome mothandizidwa ndi akhristu a gulu la Sant'Egidio. Papita zaka zoposa makumi atatu, koma tikadali anthu okapempha ankhoswe kwa eni.

Wina anganene kuti Rwanda si membala wa SADC, choncho nkhani ya Congo inali yovuta. Chabwino. Nanga Mozambique? Anthu kumeneko anavota pa 9 Okutobala 2024, zotsatira zinakanidwa, misewu inayaka, anthu mazana anafa. Utsi unkaoneka ndi aliyense, ngakhale ife tili kuno. Pofika kumapeto kwa Disembala, anthu zikwizikwi anali akuwoloka Shire kulowa ku Nsanje, malole a mafuta akuvutika kudutsa njira ya ku Beira. Bambo wina mwa ife, kwawo n'kwa Tengani, anatumiza ndalama za Khirisimasi kwa amayi ake, nazonso zinathera kugula ufa wodyetsa alendo amene anagona pakhonde. Sanadandaule za ufawo, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chinamupweteka n'chakuti atsogoleri a SADC anadikira mpaka pa 5 Januwale 2025 kuti atume gulu la akuluakulu kukalankhula ndi mbali zonse, patatha pafupifupi miyezi itatu anthu akuikana m'manda.

Ndiye pali nkhani ya nyanja yathu. Mkangano wa malire ndi Tanzania utabukanso mu 2012, unaperekedwa m'manja mwa atsogoleri akale Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae. Zokambiranazo zinaima mu 2014 popanda chomanga, ndipo mpaka lero nkhaniyo yangokwiriridwa ndi phulusa. Msodzi wa ku Karonga amapalasa bwato lake pamwamba pa mlandu wosatha. Kodi tikudikira kuti mfuti ilire kaye?

Zipangizo zilipo, n'chifukwa chake tikukwiya. Ku Gaborone kuli ofesi yochenjeza msanga za mikangano imene inatsegulidwa mu 2010. Pali gulu la akuluakulu limene mtsogoleri wakale wa Tanzania Jakaya Kikwete anasankhidwa kulitsogolera, palinso akatswiri oyanjanitsa. Vuto n'lakuti anthu amenewa sayenda mpaka atsogoleri atawaloleza, ndipo atsogoleri amaopana maso. Boma likalakwa, anzake amangoti ndi za m'nyumba mwa eni. Ndalama zina zoyendetsera ntchitoyi zimachita kuchokera kwa abwenzi akunja monga European Union, pamene za ndege zonyamula ankhondo zimapezeka.

Ife anthu wamba timadziwa mmene unkhoswe umayendera, ngakhale kuno kwa eni. Banja lina pakati pathu likayamba kukokana, sitidikira kuti oyandikana nawo aimbire apolisi. Amayi awiri ndi abambo awiri amakwera basi madzulo omwewo, n'kukagogoda. Amamva mbali ya mwamuna, amamva mbali ya mkazi, amabwereranso sabata yamawa ngakhale sanaitanidwe. Nkhoswe amadziwika tsiku la chinkhoswe, mtendere ulipo, ndipo salowa m'nyumba atatenga kale mbali. Ngati osamalira okalamba a ku Tipton amatha zimenezi atatopa ndi shifiti ya maola 12, chimawakanika n'chiyani akuluakulu a mayiko 16?

Zopempha zathu si zambiri. Mayiko a SADC azisonkha okha ndalama za oyanjanitsa chaka ndi chaka, monga timasonkhera ife thumba la maliro. Gulu la akuluakulu lipatsidwe mphamvu zonyamuka likangoona utsi, lizikumana ndi boma, otsutsa, mipingo, mafumu ndi amayi. Chisankho chisanachitike, ankhoswe akhale atafika kale. Boma lathu la Malawi, limene linakhazikitsa lamulo la mtendere ndi umodzi mu 2022, likankhe nkhaniyi pa msonkhano uliwonse wa SADC, ndipo litsegulenso zokambirana za nyanja mitima ikadali pansi. Aphungu athu nawonso azifunsa, mwana wa munthu asanakwere ndege ya ku nkhondo, kuti kukambirana kwafika pati.

Akuluakulu inu, madzi akatayika saoleka. Titumizireni ankhoswe moto usanagwire denga, chifukwa amene amapsa ndi abale athu.