Utsi wokha si umboni woti ndege yagwa

Lero ndabwera ndi nkhani ya ndege zankhondo, koma musathawe, ikutikhudza.

Pa 15 September 1940, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege za Germany zinapita kukaphulitsa London. A Britain analengeza kuti tsiku limenelo agwetsa ndege 185. Nkhondo itatha, anthu atafufuza m'mabuku a asilikali a Germany, anapeza kuti zinali pafupifupi 60 basi. Ndiye kuti anyamata a Britain aja anali abodza? Ine ndikuti ayi.

Taganizani. Anthu atatu akuwombera ndege imodzi, aliyense mbali yake. Ikagwa, aliyense akatera amakanena kuti wagwetsa imodzi. Ndege imodzi yasanduka zitatu, popanda wonama.

Ndiye pali utsi. Woyendetsa Messerschmitt 109 akafuna kuthawa ankatsegula moto wonse n'kutsika chamutu, injini ikulavula utsi wakuda. Womuthamangitsa ankati basi yapsa imeneyo, pomwe mnzakeyo akukatera bwinobwino ku France. Utsi woyera ndiye unali woopsa: madzi oziziritsa injini akutayika, posachedwa izima.

Ife izi si zachilendo. Ukachulutsa oyilo mu petulo, injini ya boti imafuka ngati uvuni wa nsomba, koma ili bwinobwino. Chaka china boti linagubuduzika ndi mwera kwathu kuno. Wina anati anaona utsi, injini inayamba yafa. Wina anati ayi, katundu anachuluka. Mpaka lero mabanja awiri sapatsana moni, aliyense akuti mnzake ndi wabodza. Bambo anga ankangofunsa kuti aliyense anaima pati. Kunapezeka kuti wina anali pa doko, wina ali pa bwato chakuseri. Mwina onse anaona zoona, theka theka.

Ndiye amwene, mboni zikasiyana mawu, musathamangire kutukwana. Funsani zitatu: unali pati? Unaona chiyani ndi maso ako? Nanga n'chiyani chimene unangoganiza? "Ndinaona utsi" ndi umboni. "Injini inafa" ndi maganizo. Kenako fufuzani chogwirika: injini yavuulidwa, ionedwe ndi makaniko.

Bodza lilipo, sindikukana. Koma musanamutche munthu wabodza, kaimeni kaye pomwe iye anaima.

Tumizirani ena, makamaka aja othamanga ndi ma voice note.